Nyerere m'Katoni ya Kafukufuku

Zimene zinandiulula ndi nyerere.

Linali Loweruka m'mawa, kunyumba ya alendo ku Balaka kumene tinkagona ife a kafukufuku. Mayi Anastasia, amene ankatiyang'anira, anaika katoni yanga patebulo kuti tiwerenge maemvulopu. Atangodula tepi ya pamwamba, nyerere zinatuluka mwa ndandanda, zina n'kukwera pamkono pawo. Anandifunsa ngati ndinasungamo mandasi. Anaseka, inenso n'kuseka pang'ono. Atakhuthulira maemvulopu patebulo, kuseka kunatha.

Ndiyambe ndafotokoza. Ine ndine Chiyamiko, kwathu ndi ku Ngokwe. Nthawi imeneyo n'kuti nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo iyi inali ntchito yanga yoyamba. Ananditenga chifukwa ndimamva Chiyawo komanso ndimalemba zooneka bwino. Zoyankhula pagulu ayi, mawu anga amathera pakhosi. Kafukufukuyo anali wofunsa asilikali ndi anthu wamba ogwira ntchito m'makampu, monga ophika, ochapa ndi amakaniko, za mmene amaionera ntchito yawo: chakudya, nyumba, akuluakulu awo, ndiponso ngati msilikali ndi munthu wamba amakhulupirirana. Aliyense ankayankha payekha, n'kumata fomu yake mu emvulopu, n'kuponya m'katoni. Asilikali anali ndi maemvulopu a khaki, anthu wamba oyera. Dzina osalemba. Osadziwa kulemba ndinkawalembera ndine. Tinawalonjeza chinthu chimodzi, chakuti palibe wa mu kampu amene adzaone zimene ayankha.

Ntchitoyi ndinkaikonda, ndisaname. Ndinali ndi kabaji ka dzina langa pachifuwa. M'mawa uliwonse galimoto inkatidutsitsa pa mlatho wa ku Liwonde, mphepo ikulowa pawindo, ine nditakumbatira katoni yanga ngati mwana. Lachinayi ndi Lachisanu ndinagwira pa kampu ina yaing'ono ya mbali ya Machinga, ndipo anayankha anthu makumi anayi.

Tsopano patebulo paja emvulopu imodzi ya khaki inali itasowa. Ena khumi ndi atatu, a khaki okhaokha, anali ndi zoyera zouma m'milomo mwake, nyerere zili piringupiringu pomwepo. Mayi Anastasia anatembenuza katoni. Kunsi kwake nakonso kunali komatidwa ndi zoyera zomwezo. Wina anaitsegulira kunsi, n'kumatula maemvulopu, n'kuwamatanso.

"Chiyamiko, katoni iyi inachokapo m'manja mwako?"

"Iyayi, mayi."

Linali bodza. Ndinalinena msanga, ndisanaganize n'komwe.

Mayi Anastasia sakalipa. Anangonena mofatsa kuti pofika Lolemba, ngati wotsegulayo sadziwika, katoni yonse itayidwa, chifukwa mbiri ikafika ku makampu ena palibenso amene adzayankhe zoona. Ndipo ine, popeza wosunga katoni ndinali ine, ndidzakwera minibasi kubwerera ku Ngokwe.

* * *

Tinabwerera ku kampu m'mawa womwewo. Mkulu wa kampu anapereka nkhaniyo kwa Sajeni Martina a polisi ya asilikali, mayi wamfupi, wonenepa pang'ono, amene ankayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba. Anandigawira pang'ono asanandifunse chilichonse, ndipo ndinachita nazo mantha kuposa akanandizazira.

Anatenga emvulopu imodzi, n'kukanda zoyera zija ndi chikhadabo, n'kulawa. Anati si guluu wa mu ofesi, ndi phala la chinangwa. Kenako anawayala onse patebulo, oyera uku, a khaki uku. Anati munthu wofuna kudziwa amene akudandaula mu kampu akanatsegula onse, oyera omwe, popeza odandaula kwambiri ndi anthu wamba. Uyu anatsegula a asilikali okha, n'kulekeza pakati.

"Munthu amaleka kufunafuna akapeza," anatero. "Ankafuna fomu imodzi, ndipo anaipeza. Funso n'lakuti anaizindikira bwanji popanda dzina."

Anandifunsa mayendedwe anga a masiku awiriwo. Ndinabwereza bodza lija, maso ali pa nsapato zawo. Analemba m'kabuku kawo, n'kundiuza kuti ndiziyenda nawo, mwina pafunika womasulira Chiyawo. Mayi Anastasia anatsala mu ofesi akulondera katoni.

Tinayambira pageti. Msilikali wa pamenepo, a Jimu, anayankha ataima njo, maso kutsogolo, ngati akuwerenga pakhoma. Anati Lachisanu mlendo sanalowe aliyense. Mtsikana wa kafukufuku analowa ndi katoni m'mawa, natuluka nayo madzulo. Cha m'ma 12 koloko ogwira ntchito achisilamu anatuluka kukaswali kumzikiti wa kumsika, monga mwa Lachisanu lililonse. Maina sawalemba, amangowerenga mitu. Sajeni anafunsa kuti mitu inali ingati. A Jimu anatsegula buku n'kuti isanu ndi umodzi. Nanga sabata yatha? Isanu ndi iwiri. Sabata inayo? Isanu ndi iwiri. Sajeni anafunsa kuti anatsala ndani.

"Zisoti zawo n'zofanana, Sajeni. Ine ndimawerenga zisoti."

Kukhitchini tinapeza a Binti akusenda anyezi. Amenewa sadikira funso. Anati aliyense mu kampu wamva kale za katoni, ndipo ngati ndi bwana wina watuma munthu, iwo zimene anayankha za mafuta ophikira angazinenenso pamaso pake, saopa munthu. Za ufa wa chinangwa anati umakhala m'chidebe, wofuna amatapa. Amakaniko amatapa, ana a asilikali amatapa, a dobi ochapa zovala amatapa wokhwimitsira mayunifolomu. Kodi iwo akhale mlonda wa ufa?

Kenako anandiyang'ana, mpeni uli m'manja, n'kumwetulira.

"Koma mwanayu mumupatse nzeru, Sajeni. Sadyera ku mesi ndi anzake. Amatenga mbale n'kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Dzulo ndinamuitana, osacheuka."

Sajeni anafunsa ngati ndinali nditanyamula katoni.

"Katoni? Mbale dzanja ili, kapu dzanja ili. Katoni akananyamula ndi mano?"

Sajeni Martina anatseka kabuku kawo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa ine.

* * *

Ananditengera pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa khitchini. Sanandifunse kanthu. Anakhala pa tayala lakale n'kumatafuna mtedza, ndipo chete ameneyo ndi amene anandimasula pakamwa.

Ndinawauza zonse. Ku mesi ndinalowako Lachinayi kamodzi kokha. Asilikali onse anacheuka, wina n'kunena kuti aphunzitsi afika, onse n'kuseka. Sankanyoza, ndikudziwa tsopano, koma sindinabwerereko. Lachisanu ndinaganiza zokadyera kuseri kwa thanki, koma kumeneko n'konyowa, katoni ikanawonongeka. Ndiye ndinaisiya kochapira, kwa Che Nasoro, a dobi a pa kampu. Iwowa ndi mkulu wa ku Chikweo, waimvi, amene kuyambira tsiku loyamba ankandipatsa moni wa m'Chiyawo n'kumandifunsa za mvula ya kwathu. Anandiuza kuti akupita kukaswali, atseka chitseko ndi loko, katoni ikhala bwino. Nditabwerera cha m'ma hafu wani ndinawapeza pakhomo akutsegula loko, chisoti chili kumutu.

Sajeni anafunsa chifukwa chimene ndinanamira. Ndinati ndinaopa kubwezedwa kwathu. Amayi anali atauza mpingo wonse kuti ndili pa ntchito ya boma.

"Bodza lako latidyera m'mawa wonse," anatero. Kenako anandigawiranso mtedza.

Kochapira kunali fungo la sopo ndi makala. Mayunifolomu osita anali ndandanda pa waya, olimba ngati angaime okha. Che Nasoro anatilandira ndi manja awiri, n'kupukuta benchi ndi nsalu kuti Sajeni akhale. Amayankhula pang'onopang'ono, Chichewa chosakaniza ndi Chiyawo, ndipo mawu aliwonse amayamba awayeza. Anati katoni anailandiradi. Anatseka chitseko. Kiyi ndi mmodzi, amakhala m'khosi mwawo. Sajeni anafunsa ngati anapita kumzikiti. Anati Lachisanu ndi Lachisanu, Msilamu amadziwa kopita. Sajeni anati limenelo si yankho, ndipo anafunsa zimene shehe analalikira dzulo.

"Pa zaka makumi awiri ndi zitatu sindinajombepo swala ya Lachisanu," anatero. "Kupatula dzulo. Sindinganame pa zimenezo."

Sajeni analoza ketulo imene inali pa mbaula, ndi kapoto ka phala loyera kamene kanali pansi pa tebulo. Anati nthunzi ya ketulo imamatula emvulopu osaing'amba, ndipo phala limene amakhwimitsira makolala limamatanso. Che Nasoro anavomera ndi mutu. Anadzitsekera m'kati, loko anakoloweka pambuyo pake atamva mapazi a anzawo akuchokera kumzikiti. Zonsezo anavomera. Koma Sajeni atafunsa amene anawatuma, ndi kumene kuli fomu yosowayo, anangoti sanatumidwe ndi munthu, ndipo zina sanganene.

Sajeni anawauza mosabisa kuti akapanda kunena, iwo alemba kuti dobi wagulitsa zinsinsi za asilikali kwa bwana wina, ndipo Lolemba lomwelo ntchito yatha.

Apa ndi pamene ndinayankhula osafunsidwa, koyamba tsiku limenelo.

"Sajeni, Che Nasoro sadziwa kuwerenga. Fomu yawo ndinawalembera ndine Lachinayi."

Sajeni anasiya kutafuna. Anati ndiye nkhani yavuta. Munthu wosawerenga atsegule maemvulopu khumi ndi anayi, n'kupezamo imodzi imene akufuna?

* * *

Ine ndikachita manyazi ndimayang'ana zinthu m'malo mwa anthu. Ndiye nthawi yonseyi maso anga anali pa mayunifolomu a pa waya. Malaya alionse anali ndi manambala m'kati mwa kolala, olembedwa ndi inki yakuda. Mathalauza m'chiuno. Matawulo pakona. Ndinafunsa Che Nasoro m'Chiyawo kuti amadziwa bwanji mwini wa chovala chilichonse. Anati ndi manambalawo. Zilembo sazidziwa, koma nambala ya msilikali aliyense wa mu kampu ili m'mutu mwawo. Akhoza kuitchula atadzutsidwa kutulo.

Pomwepo ndinakumbukira kanthu kena, ndipo kanali kolakwa kanga.

Msilikali ukam'patsa pepala lililonse, dzanja lake limathamangira pakona ya kumanja kukalemba nambala yake ya usilikali. Sachita kuganiza. Amalemba pa chikalata cha tchuthi, pa cha kuchipatala, pa chotengera nsapato. Mayi Anastasia anatichenjeza za zimenezi, kuti tizinena mokweza tisanagawe mafomu: nambala osalemba. Ine kunena mokweza kunkandikanika, ndiye ndinkayenda desiki ndi desiki n'kumanong'oneza aliyense. Lachisanu m'mawa ndinadumpha desiki imodzi. Panali Kopolo Elliam, wamtali, wa mawu ngati ng'oma, yemwe uja ananena za aphunzitsi ku mesi. Ndinafika pafupi, iye n'kukweza maso, ine n'kupitirira.

Ndinafotokoza zimenezi. Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaimirira n'kuyamba kuyenda motsatira waya uja, akutembenuza makolala. Nawonso manambala ankawadziwa ndithu. Anaima pa malaya a Kopolo Elliam, n'kugogoda thumba la pachifuwa ndi chala. Munalira pepala.

Che Nasoro anapuma mozama.

Anafotokoza atayang'ana pansi. Lachisanu cha m'ma 11, Kopolo Elliam anabwera kudzasiya zochapa, nkhope itagwa. Sanapemphe kanthu. Anangokhala pa benchi n'kunena kuti wadzipha yekha: walemba za mumtima pa funso lomaliza, ndipo atangoponya m'katoni wakumbukira kuti pamwamba waika nambala. Ikafika kwa akuluakulu, basi, sadzam'tumanso kulikonse, azidzangom'loza. Atachoka, pasanathe ola, ine ndinabwera n'kuwapatsa katoni ija m'manja.

"Ndinati Mulungu wandiyesa kapena wandituma, sindinadziwe," anatero Che Nasoro. "Mwana ameneyu chibwerereni ku ntchito ya usilikali kunja kwa dziko sagona. Amaseka kwambiri masana, koma zofunda zake ndimachapa ndine. Ndinangoyang'ana pakona, pakona, pakona. Za anthu sindinaone, ngakhale ndikanafuna."

Sajeni anasolola fomu ija m'thumba ili chipindire. Ndinaona chala chawo chikulowa pakati pa pepala, n'kuima. Anaiika patebulo chafufumimba, n'kuitsindika ndi simbi yozizira. Anatuma msilikali wodutsa kuti akaitane Kopolo Elliam ndi Mayi Anastasia.

* * *

Kopolo analowa mwa phokoso lake, akufunsa ngati aphunzitsi abwera kudzam'kwapula. Ataona nkhope zathu analeka. Sajeni anam'fotokozera mwachidule, n'kunyamula simbi ija. Iye anayang'ana pepala, n'kuyang'ana Che Nasoro, ndipo kwa kanthawi munthu wamkulu uja anasowa poika manja.

"Mdala, mwajomba swala chifukwa cha ine?"

"Ndikapepesa kwa Mwini wake. Iwe usalowerere."

Mayi Anastasia anamuuza kuti fomuyo ndi yake. Akhoza kuing'amba, kuitentha pa mbaula pomwepo, kapena kuibweza. Palibe amene waiwerenga. Kopolo anaitembenuza kawiri m'manja. Anapempha lumo, Che Nasoro n'kum'patsa limene amadulira ulusi. Anadula kona ya nambala bwinobwino, n'kuiponya pa makala. Kenako anapempha emvulopu yatsopano.

"Zimene ndalembazo n'zoona," anatero. "Ndipo si ine ndekha. Akawerenge."

Anamata ndi malovu, n'kuipereka kwa ine, osati kwa Mayi Anastasia. Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinafuna kupepesa kuti ndinam'dumpha, koma iye anali atatembenukira kale kwa Che Nasoro n'kumawanena kuti phala lawo n'labwino pa makolala pokha.

Sajeni anati lipoti alemba loona, lopanda kuchotsa kapena kuwonjeza: dobi anatsegula katoni, satha kuwerenga, sanatumidwe, fomu yabwezedwa. Dzina la msilikali silifunika. Kalata ya chenjezo Che Nasoro alandira ndithu, koma za kuchotsedwa ntchito iwo akakamba ndi mkulu wa kampu.

Tili m'galimoto, ndinauza Mayi Anastasia za bodza langa ndi pakamwa panga, ngakhale anali atamva kale. Tinawoloka mlatho. Kenako anati anthu khumi ndi atatu aja maemvulopu awo anatsegulidwa, ndipo ayenera kuuzidwa, kuti wofuna kuchotsa fomu yake achotse. Popeza sitikuwadziwa, tiuza asilikali onse pamodzi Lolemba m'mawa. Wowauza ndikhala ine. Akachotsa ambiri, katoni yatayika, ndipo za ku Ngokwe zija zili pomwepo.

Lamulungu lonse ndinayeserera kuseri kwa nyumba ya alendo, ndikuuza mitengo ya mapapaya.

* * *

Lolemba anasonkhana mu holo, asilikali makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, Sajeni Martina ataima pakhomo. Katoni inali patebulo. Ndinayamba, ndipo wina kumbuyo anati sakumva. Ndinayambanso. Anati sakumvabe. Kachitatu ndinatseka maso n'kukuwa ngati ndikuitana mbuzi kudambo, ndipo mawu amene anatuluka ndinawadabwa ndekha.

Ndinati katoni ndinaisiya kwa ola limodzi ndi theka chifukwa ndinkaopa kudya nawo. Ndinati ndinanama. Ndinati maemvulopu ena anatsegulidwa ndi munthu wosadziwa kuwerenga, amene ankafuna kuteteza mnzawo wina amene analemba nambala chifukwa ine sindinam'chenjeze. Dzina sindinatchule, koma Che Nasoro anaimirira okha kumbuyo, chisoti chili m'manja, n'kuti ndi iwo.

Kenako wina anati mdala ameneyu amadziwa kale za m'matumba mwawo monse, makalata a zibwenzi omwe amawabweza ali ouma, ndiye fomu n'chiyani. Holo yonse inaseka. Mayi Anastasia anadikira kuseka kuthe, n'kunena kuti wofuna kuchotsa fomu yake asaope, abwere mu ofesi payekha nthawi iliyonse isanakwane 12 koloko, ailozere yekha.

Tinakhala mu ofesimo, ine ndi iwo ndi katoni. Anabwera mmodzi, mnyamata wa ku makina, osayang'ana munthu kumaso. Anazindikira yake ndi kalembedwe kake, n'kuipinda, n'kutuluka nayo. Phazi lililonse lodutsa pakhonde ndinkaliyesa lachiwiri. Wotchi ya pakhoma inayenda ulendo wake. Itakwana 12 koloko, Mayi Anastasia anatenga tepi n'kumata katoni pamwamba, kunsi ndi m'mbali monse, n'kusaina pa tepipo. Anandipatsa cholembera kuti nanenso ndisaine.

Kenako anatulutsa katoni ina yatsopano, yopanda kanthu, n'kuikankhira kwa ine.

"Mawa tili mbali ya Balaka, anthu makumi asanu ndi awiri," anatero. "Unyamule maemvulopu okwanira."